Kodi makampeni a "magawo asanu pa tsiku" amasinthadi zimene anthu amadya?

Mayi wa Ana Atatu analemba:

Moni nonse. Sabata yatha ndinapita kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, ndipo poti mzere unali wautali, ndinakhala pa benchi nthawi yaitali maso ali pa positala imene inamatidwa pakhoma. Inali yakale, yofwifwa ndi dzuwa, ndipo inali ndi chithunzi cha dzanja lotambasula zala, chala chilichonse chitanyamula chipatso kapena tsamba. Uthenga wake ndinauzindikira ndisanauwerenge n'komwe, chifukwa ndaumva pa wailesi, kusikelo ya ana ndi m'mabuku a ana anga kwa zaka zoposa khumi. Koma nditayamba kuwerenga ndi zala zangazi zimene ndinadya dzulo lake, ndinapeza nthochi imodzi ndi timasamba tochepa pa chakudya chamadzulo, basi.

Chimene chandizunguza mutu n'chakuti ine si munthu wosadziwa, ndipo sinditsutsa zimene a zaumoyo amanena, komabe mbale yanga sinasinthe. Ndiye ndifunse kwa inu amene mumazidziwa bwino nkhanizi. Kodi nambala ya 5 imeneyi inachokera kuti, ndipo ikutanthauza kudya kasanu pa tsiku kapena mitundu isanu? Chachikulu, kodi pali umboni woti ndalama zimene maboma amathira m'makampeni amenewa zimachititsadi anthu kudya zipatso ndi ndiwo zamasamba zambiri, kapena timangoloweza mawu ngati ana a sukulu kenako n'kupita kukadya zathu zomwe zija?

Namwino Wopuma analemba:

Mayi, funso lanu loyamba ndi losavuta, ndiye ndiyambe nalo. Nambala yeniyeni si 5 ayi, ndi magalamu 400. Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse, WHO, linalangiza mu lipoti la 1990 kuti munthu wamkulu azidya zipatso ndi masamba osachepera magalamu 400 pa tsiku, ndipo linabwereza langizoli mu 2003 pamodzi ndi bungwe loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse la FAO. Popeza palibe amene amadya ali ndi sikelo pambali, muyezowo unagawidwa m'magawo asanu a magalamu 80, ndipo gawo limodzi ndi pafupifupi zimene zingadzaze chikhatho chanu: nthochi imodzi, lalanje limodzi, kapena masipuni atatu aakulu odzaza bwino a masamba ophika. Choncho sikuti muzidya kasanu ayi. Mukhoza kukwanitsa magawo atatu pa chakudya chimodzi ngati masamba achuluka m'mbale. Mawu akuti "5 A Day" anayambira ku California mu 1988, ndipo mu 1991 anafalikira m'dziko lonse la United States kudzera mu mgwirizano wa bungwe la boma lofufuza za khansa la National Cancer Institute ndi bungwe la alimi ndi ogulitsa zipatso lotchedwa Produce for Better Health Foundation. Dziko la Britain linayamba kampeni yake mu 2003.

Maiko ena anasankha nambala zawo. Ku Australia amati magawo awiri a zipatso ndi asanu a masamba, ku Denmark amati asanu ndi limodzi, kutanthauza magalamu 600, ndipo ku Japan cholinga chawo ndi magalamu 350 a masamba okha. Zimenezi zikusonyeza kuti 5 anasankhidwa kwambiri chifukwa ndi wosavuta kukumbukira ndiponso sawopseza munthu amene akudya gawo limodzi lokha. Magalamu 400 ndi poyambira chabe.

Pali zinthu zimene positala sikhala ndi malo ozifotokozera, ndipo ine ndinkathera nthawi yambiri ndikuzilongosola kwa odwala. Mbatata, mbatatesi ndi chinangwa siziwerengedwa, chifukwa m'thupi zimagwira ntchito ya chakudya chopatsa mphamvu. Malinga ndi malangizo a ku Britain, juwisi amawerengedwa ngati gawo limodzi lokha ngakhale mumwe jagi yonse, ndipo muyezo wake ndi mamililita 150, chifukwa chipatso chikafinyidwa shuga wake amamasuka ndipo zotsalira zimene zimathandiza m'mimba kugaya bwino zimatayidwa. Nyemba nazonso zimawerengedwa kamodzi pa tsiku. Koma masamba ouma, a m'firiji ndi a m'zitini amawerengedwa, ndipo zipatso zouma gawo lake ndi magalamu 30.

Tsopano funso lanu lalikulu. Yankho limene ndingalinene mosanyengerera ndi lakuti makampeni amenewa amapambana kwambiri pophunzitsa anthu, koma amapambana pang'ono posintha mbale. Ku United States, patapita zaka pafupifupi makumi atatu chiyambireni kampeni, bungwe la boma loona za matenda la CDC linapezabe kuti munthu wamkulu mmodzi yekha mwa 10 alionse ndi amene amadya masamba okwanira. Ku Britain, kafukufuku wa boma wa kadyedwe wa zaka za 2016 mpaka 2019 anasonyeza kuti akuluakulu amene ankafika pa magawo asanu anali pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse, ndipo mwa achinyamata anali ochepa kwambiri kuposa pamenepo, chikhalirecho mawu a kampeni amawadziwa pafupifupi aliyense. Chitsanzo chimene anthu amakonda kutchula ndi cha Western Australia, kumene kampeni ya Go for 2&5 inayamba mu 2002 ndi malonda amphamvu a pa wailesi yakanema, ndipo patatha zaka zitatu akuluakulu ankanena kuti akudya pafupifupi gawo la 0.8 loonjezera pa tsiku, makamaka masamba. Kuonjezeka kumeneku si kwachabe mukakuchulukitsa ndi anthu onse a m'chigawo, koma dziwani kuti ziwerengero zoterezi zimachokera pa zimene anthu akuyankha akafunsidwa, ndipo munthu amene wamva uthenga kambirimbiri amadziwa yankho limene wofunsayo akufuna kumva. Ine ndinkaziona ndekha: wodwala ankandiuza kuti amadya masamba tsiku lililonse, mkazi wake ali pambali akupukusa mutu.

Phindu la kudya zimenezi ndi lenileni, makamaka pa matenda a mtima ndi sitiroko. Kafukufuku wa DASH, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1997, anasonyeza kuti chakudya chokhala ndi zipatso ndi masamba ambiri chimatsitsa kuthamanga kwa magazi m'masabata ochepa chabe, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi mchere wa potaziyamu. Poti mwatchula za BP, ndionjezere kuti amene ali ndi matenda a impso kapena amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana a warfarin ayenera kuyamba akambirana ndi dokotala wawo asanasinthe kwambiri kadyedwe, chifukwa potaziyamu amavuta impso zofooka ndipo vitamini K wa m'masamba obiriwira amasokoneza mphamvu ya mankhwalawo.

Wowerengera Ndalama analemba:

Mayi Namwino afotokoza bwino, koma ndikuona kuti aulemekeza kwambiri makampeni. Ine ndinena mosabisa kuti vuto lawo lalikulu lili pa maziko pomwe, chifukwa amayambira pa ganizo lakuti anthu sadya zipatso popeza sadziwa ubwino wake. Mayi amene wafunsayu watsutsa kale ganizo limeneli ndi nthochi yake imodzi ija. Munthu akaima pamsika ali ndi ndalama yochepa ndi ana anayi kunyumba, sawerenga mavitamini, amawerenga mimba zimene zikhute. Pa ndalama yofanana, ufa, mpunga, mafuta ndi shuga zimapereka mphamvu zochuluka kwambiri kuposa malalanje kapena kabichi, ndipo siziwola. Kholo limene lasankha chakudya chokhutitsa silinalakwitse masamu.

Kafukufuku wa PURE, amene anachitika m'maiko 18 ndipo anasindikizidwa mu 2016, anawerengera mtengo wa magawo awiri a zipatso ndi atatu a masamba pa munthu aliyense wa m'banja. M'maiko olemera mtengowo unali pafupifupi 2 peresenti ya ndalama zimene banja limapeza, pamene m'maiko osauka unali pafupifupi 52 peresenti. Tangoganizani kuuza banja kuti lizitaya theka la zonse zimene limapeza pa zinthu zimene sizingalowe m'malo mwa chakudya chenicheni cha tsikulo. Lipoti la FAO la 2021 linanena kuti anthu pafupifupi mabiliyoni atatu padziko lapansi sankakwanitsa kugula chakudya chopatsa thanzi. Kwa anthu amenewa positala yokongola imangowonjezera manyazi pamwamba pa umphawi.

Ndipo pamene boma lagwira mtengo m'malo mogwira makutu a anthu, zotsatira zimaoneka msanga. Mu 2011 ndi 2012, ku Hampden County m'chigawo cha Massachusetts ku United States, mabanja olandira thandizo la chakudya ankabwezeredwa masenti 30 pa dola iliyonse imene agulira zipatso ndi masamba, ndipo anapezeka akudya pafupifupi 26 peresenti kuposa anzawo amene sankabwezeredwa kanthu. Anthu ake anali omwewo, chidziwitso chawo chinali chomwecho, chimene chinasintha ndi mtengo wokha.

Chinanso n'chakuti kampeni ya boma imalankhula monong'ona pakati pa msika wa anthu ofuula. Ndalama zimene makampani a zakumwa zotsekemera ndi zokhwasulakhwasula amathira pa kutsatsa malonda zimaposa kutalitali zimene unduna uliwonse wa zaumoyo ungapeze. Dziko la France linayesa kuthana ndi zimenezi mu 2007 polamula kuti malonda a zakudya zambiri zopangidwa m'mafakitale azikhala ndi uthenga wa zaumoyo m'munsi mwake, ndipo umodzi mwa mauthengawo ndi wa zipatso ndi masamba asanu. Koma ine ndimadzifunsa kuti mwana akaona chokoleti chachikulu pa sikirini ndi timawu ting'onoting'ono ta zipatso pansi pake, chimene chimatsala m'mutu mwake n'chiyani. Ndisaiwalenso kuti ku United States kampeni inayendetsedwa limodzi ndi ogulitsa zipatso eniake, ndipo sindikuti chimenecho ndi chinyengo, koma si zachilendo kuti uthenga unakhala wakuti "onjezerani" osati "chepetsani", poti uthenga woonjezera sukhumudwitsa wamalonda aliyense.

Mphunzitsi wa Pulaimale analemba:

Ine ndilankhulepo za ana okha, poti ndi amene ndimakhala nawo. Mwana ukamuuza kuti karoti amathandiza maso, amavomera ndi mutu, amalemba bwino pa mayeso, kenako amamusiya m'mbale. Chimene chimagwira ntchito ndi kulawa mobwerezabwereza popanda kumukakamiza, ndipo akatswiri amati kawirikawiri mwana amafunika kulawa chakudya chatsopano maulendo 10 kapena kuposa asanachizolowere, pamene makolo ambiri timagwa ulesi pa ulendo wachitatu. Pulogalamu ya Food Dudes, imene anaikonza akatswiri a maganizo a ku Bangor University ku Wales, inamangidwa pa mfundo imeneyi: kwa masiku 16 ana amaonera timafilimu ta ana okulirapo amene amakonda masamba, amapatsidwa zoti alawe, ndipo amalandira timphatso ting'onoting'ono akalawa. Dziko la Ireland linaifalitsa m'sukulu zake kuyambira 2007. Ku Norway anapeza kuti ana ankadya zipatso zambiri pamene zinkaperekedwa ulere kusukulu kusiyana ndi pamene makolo ankalipira, ndipo njira yolipira inkafikira makamaka ana amene kwawo ankadya kale bwino.

M'kalasi mwanga ndinaonapo chinthu chaching'ono chimene chinandiphunzitsa zambiri. Malalanje athunthu ankabwerera m'dengu osakhudzidwa, chifukwa tizala ta mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sitingathe kusenda khungu lolimba nthawi yopuma isanathe. Tsiku limene ndinawadula m'zidutswa zinayi, mbale inatha ndisanabweze mpeni m'thumba.

Dokotala wa Kumudzi analemba:

Bambo Wowerengera Ndalama, pa za mtengo ndikugwirizana nanu, koma ndikukanani pamene mukuoneka ngati mukuti uthenga ulibe ntchito. Anthu olemera, amene mtengo si vuto kwa iwo, ambiri a iwonso safika pa magalamu 400, ndiye pali china kuposa ndalama: chizolowezi, nthawi yophika, ndi ganizo lofala m'maiko ambiri lakuti masamba ndi chakudya cha munthu amene walephera kugula nyama. Ganizo lotere silichoka ndi kutsitsa mtengo kokha. Komanso palibe nduna imene ingaike ndalama pa zipatso za ana a sukulu ngati ovota sakhulupirira kuti nkhaniyi ndi yofunika, ndipo chikhulupiriro chimenecho chimamangidwa ndi makampeni omwe mukuwapeputsawa.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha North Karelia, chigawo cha kum'mawa kwa Finland, kumene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 amuna ankafa ndi matenda a mtima pamlingo umene unali m'gulu la yokwera kwambiri padziko lonse. Anthu ake anali alimi a ng'ombe zamkaka ndi odula mitengo, ankadya batala, mkaka wamafuta ndi mchere wambiri, ankasuta kwambiri, ndipo masamba ankawaona ngati chakudya cha ziweto. Ntchito imene inayamba mu 1972, motsogozedwa ndi dokotala wachinyamata Pekka Puska, inagwiritsa ntchito mapositala ndi mapulogalamu a pa wailesi yakanema, koma sinalekere pomwepo. Anagwira ntchito ndi mabungwe a amayi amene ankaphunzitsana maphikidwe atsopano m'midzi, anakambirana ndi opanga masoseji ndi buledi kuti achepetse mafuta ndi mchere, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anathandiza alimi a mkaka kuyamba kulima tizipatso ta m'tchire timene timachita bwino m'dziko lozizira, kuti mlimi asaone uthenga wa zaumoyo ngati mdani wa thumba lake. Patapita zaka pafupifupi 40, imfa za matenda a mtima pakati pa amuna a msinkhu wogwira ntchito zinali zitatsika ndi 80 peresenti ndi kuposerapo. Kunena chilungamo, gawo lalikulu la kutsika kumeneku linabwera chifukwa cha kuchepa kwa mafuta m'magazi, kutsika kwa BP ndi kusiya fodya, osati zipatso zokha, koma kadyedwe ka masamba kanakweradi kwambiri, ndipo kanakwera chifukwa uthenga unkayendera limodzi ndi munda, sitolo ndi khitchini ya kusukulu.

Pali cholakwa chimodzi cha makampeni oyambirira chimene ndiyenera kuchivomereza monga wa zaumoyo. Analonjeza zambiri pa nkhani ya khansa. Kafukufuku wa nthawi imeneyo ankafunsa odwala zimene ankadya kale, ndipo ankasonyeza chitetezo chachikulu, koma kafukufuku wamkulu wa EPIC, amene anatsatira anthu pafupifupi theka la miliyoni ku Europe, anapeza mu 2010 kuti chitetezo ku khansa zonse pamodzi n'chochepa. Anthu ena anaganizanso kuti akhoza kudumpha masamba n'kumwa mapiritsi a mavitamini, koma mayeso a ku Finland a 1994 ndi a ku United States a 1996 anasonyeza kuti mapiritsi a beta-carotene, chinthu chimene thupi limasandutsa vitamini A, anaonjezera khansa ya m'mapapo mwa anthu osuta fodya. Phunziro limene ife tinatengapo ndi lakuti tizinena zimene umboni ukunena, ndiwo mtima, sitiroko, BP ndi kugaya bwino chakudya, ndipo tizinena za chakudya chenichenicho osati botolo.

Mayi amene mwafunsa, musayambe ndi kuwerenga mpaka 5, chifukwa phindu lalikulu limabwera pochoka pa gawo limodzi kufika pa awiri kapena atatu. Onjezerani masamba pa chakudya chimene mumaphika kale, musawaphike mpaka kusanduka abulauni poti vitamini C amawonongeka ndi moto wautali ndipo amatsalira m'madzi amene mumataya, ndipo kadontho ka mafuta kamathandiza thupi kutenga vitamini A wa m'karoti ndi m'masamba obiriwira.

Wowerengera Ndalama analemba:

Adokotala, za North Karelia ndazilandira, koma onani kuti chitsanzo chanucho chikuikira kumbuyo mfundo yanga: anasintha zimene mlimi amalima ndi zimene sitolo imagulitsa. Maboma ambiri amatenga mbali yotsika mtengo yokha, ndiyo positala ndi nyimbo ya pa wailesi, chifukwa imaoneka msanga ndipo ikalephera mlandu umagwera munthu wamba kuti ndi wosamva. Zipatso ndi masamba ndi zina mwa zakudya zimene zimaonongeka kwambiri pakati pa munda ndi msika chifukwa chosowa misewu yabwino ndi malo ozizira osungiramo, ndipo tomato aliyense wowola panjira amakweza mtengo wa amene wafika. Ndalama ya kampeni imodzi ya pa wailesi yakanema ndikanakonda ipite kumeneko.

Mayi wa Ana Atatu analemba:

Zikomo nonse, makamaka Mayi Namwino, chifukwa zaka zonsezi ndimaganiza kuti ndikuyenera kudya zipatso maulendo asanu osiyana, ndipo poona kuti n'zosatheka ndi ntchito yanga ndinangozitaya. Ndimawerengeranso mbatata ndi makapu awiri a juwisi, zimene tsopano ndaona kuti ndimadzinamiza. Dzulo ndinayeza masamba ophika ndi sipuni monga munanenera, ndipo ndinapeza kuti mphika umene ndimagawira anthu asanu unali ndi masipuni asanu ndi anayi okha, kutanthauza magawo atatu a banja lonse. Lero ndaphika mitolo iwiri m'malo mwa umodzi, ndipo malalanje ndawadula monga anachitira aphunzitsi. Awiri aakulu adya, koma wamng'ono walawa kabichi kamodzi n'kumulavulira m'dzanja. Aphunzitsi, maulendo 10 aja mumawerenga ngakhale tsiku limene walavula, kapena lokhalo limene wameza?